Maseva awiri ofanana sangakubwezereni foda yomwe mwafufuta

Mayi wina amene amasunga mabuku a ndalama pa kopaletivi ya alimi a mpunga ku Nkhotakota wanditumizira imelo. Akuti ali ndi seva, kompyuta yosungira mafayilo a ofesi yonse, ku ofesi yawo pa boma ndi ina ku Salima, ndipo chilichonse chosungidwa pa imodzi chimakafika chokha pa inzake. Akufunsa ngati pakufunikanso backup, kope la mafayilo losungidwa padera kuti akatayika abwezedwe, poti mafayilo ali kale malo awiri.

Mayi, pakufunika. Ndipo funso lanuli landikumbutsa mtsikana wina amene ndinamuona akulira pa nkhani yomweyi.

Inali ofesi ya bungwe lina kuno ku Salima, dzina ndisatchule. Mtsikanayo anali wongoyamba kumene ntchito. Lachisanu masana anamuuza kuti drive yomwe onse amasungapo zinthu yadzaza, achotsemo zosafunika. Iye anaona foda yolembedwa kuti "zakale", n'kuifufuta. Ndani sakanatero? Koma mkatimo munali malisiti osikanidwa, makontirakiti ndi malipoti a zaka zingapo, zomwe ma auditor amabwera kudzaona sabata yotsatira. Lolemba atandiitana ndinapeza bwana ali phee, akumwa tiyi. "Musavutike achimwene, tili ndi seva ina ku Lilongwe, mungokopera kumeneko." Titatsegula ya ku Lilongwe, fodayo kunalibe. Inali itachoka Lachisanu lomwelo, anthu asanaweruke n'komwe.

Sevayo sinalakwitse kanthu. A bungwelo ankagwiritsa ntchito DFS Replication ya Windows Server, ndipo ntchito ya replication ndi yoonetsetsa kuti mbali ziwiri zikufanana. Mukalemba fayilo kuno, ilembedwa uko. Mukaifufuta kuno, ifufutidwa uko. Ili ngati kalilole: mukameta mpala, wa m'kaliloleyo nayenso wameta, simungam'pemphe tsitsi. Njira zina zofananitsira mafayilo nazonso ndi choncho: RAID 1 imachita chimodzimodzi pakati pa madisiki awiri, GlusterFS chimodzimodzi, rsync mukaiikira --delete chimodzimodzi.

Mtsikanayo anathamangira ku Recycle Bin ya pa laputopu yake, manja akunjenjemera. Munalibe kanthu, chifukwa fayilo yofufutidwa pa drive ya pa netiweki sidutsa m'menemo, imangopita. Chiyembekezo chathu chinatsala pa foda yobisika yotchedwa ConflictAndDeleted, mkati mwa DfsrPrivate, momwe seva yolandira imaponyamo zomwe zafufutidwa. Koma ngati palibe anaikuza, fodayi imakhala ndi malo ochepa, ndipo ikayandikira kudzaza imataya zakale kuti zatsopano zilowe. Mufoda "zakale" munalinso mavidiyo a misonkhano ya m'midzi, akuluakulu. Ndiwo anakankhira malisiti ambiri kunja. Tinapulumutsa pang'ono chabe, mayina ake atasokonekera, tikuchita kuwalondola limodzilimodzi mu fayilo ya manifest, yomwe imasunga mndandanda wa mayina ake enieni. Zotsalazo anthu anakafukula m'makatoni a mapepala m'chipinda chosungiramo katundu, ena atadyedwa ndi chiswe.

Chomwe chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi choti mlandu wonse unagwera mwana uja. Anamukalipira pamaso pa anzake. Koma amene anabwera ndi maseva aja, n'kuuza bwana kuti "apa ndiye muli ndi backup", palibe anamufunsa kanthu. Ndikunena mosabisa, wogulitsa aliyense amene amatchula replication kuti backup, mwina sadziwa ntchito yake, kapena akudziwa koma akufuna cheke chituluke msanga. Ofesi imene munthu mmodzi angathe kuwononga zaka za ntchito pongodina batani limodzi, vuto lili pa mmene zinthu anaziikira. Anthu amafufuta molakwitsa tsiku ndi tsiku, ngakhale akuluakulu amene, kungoti iwowo sakalipiridwa.

Ndipo mabungwe athu ali ndi matenda okonda zooneka. Ndalama ya seva yachiwiri imapezeka, poti ndi chinthu chojambulika chithunzi n'kuika mu lipoti la opereka thandizo. Ndalama ya madisiki awiri a kunja ndi munthu woti azisintha Lachisanu lililonse, imeneyo akuti bajeti ilibe mzere wake. Ndalowapo m'maofesi momwe disiki ya backup ili pamwamba pa seva yomweyo, yolumikizidwa chaka chonse, m'kachipinda kopanda zenera, kutentha kwa Okutobala kwa kunyanja kuno kukuphika zonse ziwiri limodzi. Wakuba akalowa anyamula zonse. Mphenzi ikadutsa pa waya ipsereza zonse. Inu a ku Nkhotakota simufunika kukumbutsidwa zomwe madzi anachita ku Dwangwa mu 2024. Ndiye palinso ransomware, kavairasi kamene kamatseka mafayilo n'kufuna dipo. Kakalowa pa kompyuta ya munthu mmodzi kamatseka zonse zomwe munthuyo ali ndi ufulu wozisintha, replication n'kunyamula mafayilo otsekedwawo kukawasanjika pa seva inayo, disiki yolumikizidwa ija nayonso n'kupita.

Sindikuti mutaye seva yanu yachiwiri, ayi. Magetsi akazima ku Nkhotakota kapena disiki ikafa, a ku Salima amapitiriza ntchito. Phindu lake ndi limenelo, ndipo ndi lenileni. Koma sikubwezerani fayilo ya dzulo.

Nanga muchite chiyani?

Choyamba, uzani wokuikirani makina ayatse Shadow Copies pa maseva onse awiri, ngati ali a Windows. Imajambula mmene mafayilo alili 7 koloko m'mawa ndi 12 koloko masana pa masiku a ntchito, ndipo imasunga zithunzi zotere mpaka 64 malo akakhalapo, kutanthauza pafupifupi mwezi ndi theka. Wina akafufuta kanthu, mumadina kumanja pa foda, kusankha Previous Versions, n'kubweza. Ngati ndi NAS (kabokosi ka madisiki kolumikizidwa pa netiweki) kapena Linux, chofanana nacho ndi ma snapshot a Btrfs kapena ZFS. Zikanakhalapo zimenezi, mtsikana uja akanabweza foda yonse tiyi wa bwana asanazizire.

Komabe zithunzizi nthawi zambiri zimakhala pa disiki yomweyo, ndiye pakufunikabe backup ya usiku uliwonse yopita pa disiki ya kunja, yosunga makope a masiku ambiri osati la dzulo lokha. Windows Server Backup imatha, restic kapena Borg zimathanso, ndipo ndi zaulere. Kutenga pa seva imodzi n'kokwanira. Madisiki akhale awiri osinthana, ina izikhala yozulidwa ndi yosungidwa kunyumba ina. Akatswiri amati 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi kutali. Google Drive musaidalire pa izi, zomwe zili mu bin yake zimafufutika pakatha masiku 30. Ndipo mafoda a zaka zotsekedwa muwaike poti anthu aziwerenga kokha.

Wokuikiraniyo akati wamaliza, pangani fayilo yoyeserera, idikireni igone usiku, muifufute, ndipo pakatha sabata mumuuze aibweze inu mukuona. Ndalama yake yotsala mum'patse fayiloyo ikatseguka.