Dzuwa n'laulere, koma sola amafuna madola

Bambo wina wa ku Mchinji wanditumizira imelo akufunsa kuti: "Dzuwa likutiwotcha chaka chonse, nanga boma likulekeranji kungoyala masola kuti kuzimazima kwa magetsi kutheretu?"

Bambo, nkhani yagona pa ndalama, ndipo ndalama zake ndi madola. Taonani masola a ku Nanjoka m'boma la Salima, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2021 ndipo amapanga mamegawati 60. Anamanga ndi kampani ya JCM Power mothandizana ndi InfraCo Africa, osati boma. Iwo anaika chuma chawo atasainirana mgwirizano ndi ESCOM woti izigula magetsiwo kwa zaka 20. Tsono mapanelo ndi zipangizo zonse amagula kunja, ndiye mwini ndalama amawerengera phindu lake m'madola, pomwe ESCOM imatolera makwacha kwa inu ndi ine tikamagula mayunitsi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtolo wa ESCOM unalemera tsiku limodzi, chonsecho mtengo wa magetsi sukwera MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, isanavomereze. N'chifukwa chake aliyense wofuna kumanga amayamba wafunsa: andilipira pa nthawi yake? Madolawo m'banki apezeka? Boma likalephera kutsimikizira zimenezi, mapulani amangofera m'mafayilo.

China n'choti magetsi timawafunitsitsa madzulo, dzuwa litalowa. Ku Golomoti, komwe kuli masola a mamegawati 20, anaikako mabatire osunga mphamvu, koma mabatire si otchipa. Komabe kudalira mtsinje wa Shire wokha tinakuona kuipa kwake mu 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira.

Kumudzi kwanuko, komwe mapolo a MAREP, pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, mwina sanafike, nkhani ndi ina. Boma linachotsa msonkho wa VAT pa zipangizo za sola mu 2019, ngakhale kugwa kwa kwacha kunameza mpumulowo. Palinso thumba la Ngwee Ngwee Ngwee, la ndalama za World Bank, lomwe limabwereketsa makampani ogulitsa sola wapakhomo: kapanelo padenga, mababu angapo ndi potchajira foni, n'kumalipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba. Mukaleka kulipira, nyale zimazima zokha.

Kwa ine apa ndi pomwe boma likanathira ndalama zambiri, chifukwa banja limawala sabata yomweyo osadikira thiransifoma. Chotsala n'kulimbana ndi mapanelo achinyengo odzaza m'misika, aja olembedwa mawati 100 koma olephera kudzaza batire ya njinga yamoto. Pogula, funsani chikalata cha waranti, ndipo mudziwe komwe mukapeze ogulitsawo mapanelowo akaonongeka.