Filimuyo sinakalambe achimwene, vuto ndi kope lomwe mwagula

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mchimwene wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti malume ake akhala akumuuza kuyambira ali mwana kuti palibe mafilimu oopsa kuposa Alien ndi The Thing, ndiye tsiku lina anagula pamsewu chimbale chokhala ndi mafilimu 10, awiriwa alimo. Ataonera, akuti anangoona mdima ndi timabokosi tovinavina pa sikirini, mantha osabwera ngakhale pang'ono. Mafunso ake ndi atatu. Kodi mafilimu akale a sayansi ndi zilombo anangotchuka chabe? Ngati ayi, ayambire pati? Nanga pali chifukwa chogulira zimbale kapena matepi masiku ano a intaneti?

Achimwene, malume sananame. Chomwe mwaonera si chomwe iwo anaonera, ndipo mwina ngakhale iwowo sanaone zonse zomwe anthu anaona m'nyumba za kanema.

Tiyambe ndi chimbale chanucho. DVD wamba imanyamula 4.7 GB. Mukathiramo mafilimu 10, iliyonse imatsala ndi malo osakwana theka la GB imodzi, pomwe Blu-ray imodzi ya filimu imodzi imanyamula 25 kapena 50 GB. Kuti filimu ikwane m'kamalo kotero, kompyuta imataya chilichonse chomwe ikuganiza kuti diso silichiona, ndipo choyamba kutayidwa ndi zinthu zobisala mumdima. Filimu ya nthabwala yojambulidwa masana imapirira zimenezi. Alien siingapirire, chifukwa Ridley Scott anaimanga yonse pa mdima.

Onani malo amene Brett, mmodzi wa anthu 7 a m'chombo cha Nostromo, akufunafuna mphaka. Walowa m'chipinda chachitali, maunyolo akulendewera kuchokera kudenga ndipo akugundana pang'onopang'ono, madzi akudontha, iye wavula chipewa kuti amugwere kumaso. Palibe chomwe chikuchitika, koma maso anu ali pa ntchito, akusanthula ngodya iliyonse. Mantha ali pamenepo: mukuona mapaipi, zingwe ndi zitsulo, ndipo simukudziwa kuti mwa zonsezi chamoyo ndi chiti. H.R. Giger anachipanga dala chilombocho kuti chifanane ndi makina a m'chombomo. Cha kumapeto, mutu wake umakhala poonekera pakati pa mapaipi kwa kanthawi ndithu woonera asanauzindikire. Pa kope lofinyidwa zonsezi zimasanduka phala lakuda, ndiye munthu uopa chiyani? Ndinene mongodutsa kuti amene anavala chovala cha chilombocho mu filimu ya 1979 imeneyi anali Bolaji Badejo, mnyamata wamtali kwambiri wa ku Nigeria yemwe ankaphunzira zojambula ku London. Ambiri amene amaikonda filimuyi sadziwa zimenezi.

Nkhani ya The Thing ndi ina, ndipo ndi imene ikusonyeza bwino momwe vidiyo ya kunyumba inapulumutsira mafilimuwa kwinaku ikuwavulaza. John Carpenter anaitulutsa pa 25 June 1982, tsiku limodzi ndi Blade Runner, patangopita masabata awiri E.T. itatuluka. Anthu anali atakopeka ndi kachilombo kabwino kofuna kubwerera kwawo, ndiye filimu ya cholengedwa chimene chimameza munthu n'kuvala nkhope yake sinawasangalatse. Olemba nyuzi anainyoza, ndalama sinapange zoti n'kunyadira. Inadzuka chifukwa cha matepi a VHS ndi wailesi yakanema: anthu ankabwereka tepi, kuonera, kuuza anzawo, kubwerekanso. Lero imawerengedwa pakati pa zabwino koposa za mtundu wake.

Koma tepi ija inali yodulidwa m'mbali. Carpenter ndi wojambula wake Dean Cundey anagwiritsa ntchito chithunzi chotambalala, cha 2.35 kwa 1, pomwe TV ya nthawi imeneyo inali ya 4 kwa 3. Kuti sikirini idzaze, opanga matepi ankadula mbali zonse ziwiri, ndipo chotayika chinali choposa magawo 40 pa 100 a chithunzi. Tsono filimuyi ndi ya amuna 12 otsekeredwa pa siteshoni ya kafukufuku ku Antarctica, aliyense akukayikira mnzake kuti si munthunso. Mphamvu yake ili poona nkhope zinayi kapena zisanu nthawi imodzi, wina akuyankhula, wina akuyang'ana pansi, wina akusendera kukhomo. Pamene MacReady, yemwe ndi Kurt Russell, wamanga anzake pa mipando n'kumatenthetsa waya kuti auviike m'magazi a aliyense pofuna kudziwa amene si munthu, muyenera kuona onse omangidwawo pamodzi ndi kambale ka magazi. Mukadula m'mbali mumatsala ndi munthu mmodzi ndi waya wake. Choncho mukaona mizere yakuda pamwamba ndi pansi pa sikirini musakanikize batani lokulitsa chithunzi. Mizereyo ndi umboni woti palibe chomwe akuberani.

Mudzamva ena akunena kuti zilombo za kale zimaoneka za pulasitiki. Za m'ma 1950 zina n'zoona, sindikana. Koma zomwe Rob Bottin anapanga mu The Thing ali ndi zaka 22 zokha, ndi labala, mawaya ndi zamadzimadzi zonanda, zinalidi patsogolo pa kamera, kuwala kwa nyale kukuzigunda ngati momwe kukugundira ochita sewero. Kwa ine zimanyansa ndi kuopsa kuposa zambiri zojambulidwa pa kompyuta lero, ndipo kope likakhala labwino m'pamene zimaoneka zenizeni kwambiri. Yesani kuyerekeza ndi The Thing ya 2011, imene inadalira kompyuta, mudzandiuza. Musamale pogula, chifukwa mayina ndi ofanana ndendende. Palinso The Thing from Another World ya 1951, yochokera ku nkhani yomweyo ya John W. Campbell ya 1938, koma mmenemo chilombocho ndi chimunthu chachitali basi, sichisintha maonekedwe.

Nkhani ya mayina ofanana ikundifikitsa pa msampha wina, womwe ndi wakuti filimu imodzi ikhoza kukhala ndi makope awiri osiyana nkhani. Chitsanzo chachikulu ndi Godzilla. Ya ku Japan, Gojira, imene Ishirō Honda anapanga ku kampani ya Toho mu 1954, ndi filimu ya maliro. Panali patangopita zaka 9 mabomba atagwa ku Hiroshima ndi Nagasaki, ndipo mu March chaka chomwecho asodzi a m'boti la Daigo Fukuryū Maru anagweredwa ndi phulusa la bomba lomwe America inayesa ku zilumba za Bikini. N'chifukwa chake filimuyi ikuyamba ndi maboti akupsa panyanja, ndipo chilombo chikadutsa mu Tokyo, kamera imalowa m'chipatala momwe dokotala akupima ana ndi kachipangizo koyezera poizoni wa bomba. Mu 1956 Amereka anaidula, n'kulowetsamo Raymond Burr ngati mtolankhani, n'kuitcha Godzilla, King of the Monsters! Mphindi 96 zinasanduka 80, ndipo zina mwa zokamba za bomba, monga mayi wa m'sitima amene akutchula za Nagasaki, zinachotsedwa. Kwa zaka pafupifupi 50 ambiri kunja kwa Japan ankadziwa kope lodulidwali. Loyambirira linaonetsedwa bwinobwino m'nyumba za kanema ku America mu 2004, ndipo chimbale cha kampani ya Criterion cha 2012 chili ndi onse awiri. Onerani la Chijapani kaye, ngakhale muvutike ndi kuwerenga mawu a pansi.

Zoterezi zilipo zambiri. Mu Frankenstein ya 1931, malo amene chilombo cha Boris Karloff chikuponya kamtsikana m'nyanja poganiza kuti kayandama ngati maluwa anadulidwa ndi oyang'anira mafilimu, ndipo anabwezeretsedwa m'ma 1980. Kudulako kunaipitsa zinthu, chifukwa woonera ankangoona chilombo chikutambasula manja kenako bambo atanyamula mtembo, n'kumaganiza zoipa kuposa zomwe zinachitika. Invasion of the Body Snatchers ya 1956 nayo eni kampani anaiona kuti ikutha mowawa kwambiri, ndiye anakakamiza woipanga, Don Siegel, kuwonjezera chiyambi ndi mathero opatsa chiyembekezo. Inadzatulukanso pa tepi itapakidwa mitundu ndi kompyuta. Kope limeneli lithaweni, filimuyi anaijambula kuti ikhale yakuda ndi yoyera. Alien ili ndi kope la 1979 ndi lina la 2003 lokhala ndi zowonjezera pang'ono, ndipo Scott mwiniwake ananena kuti la 1979 ndi lomwe amaliona ngati lenileni. Ine ndikugwirizana naye.

Ambiri kwathu tinakumana ndi mafilimu m'mavidiyo shoo, pa benchi, kansalu kakuda pakhomo, jenereta ikulira kuseri, poti TV ya dziko lathu inayamba mu 1999. Kenaka kunabwera anyamata omasulira m'Chichewa, amene amathira nthabwala zawo pamwamba pa mawu a filimu. Sindiwanyoza, luso lawo ndi lenileni, ndipo pa filimu ya nkhonya ndi mfuti amaikometsa. Koma Alien imayamba ndi mphindi zingapo popanda munthu woyankhula, kamera ikungoyenda m'makonde a chombo anthu ali mtulo. Nyimbo ya Ennio Morricone mu The Thing ndi kugunda kuwiri kobwerezabwereza ngati mtima. Womasulira sangakhale chete nthawi yonseyo, ntchito yake simulola, ndiye amadzaza malo amene anasiyidwa dala opanda kanthu. Mukafuna kuseka, tengani lomasulira. Mukafuna zomwe malume ankanena, pezani la mawu ake enieni.

Poyambira ndinganene izi. Yambani ndi Alien, kenako The Thing ya 1982, kenako The Fly ya David Cronenberg ya 1986, momwe Jeff Goldblum akusanduka ntchentche pang'onopang'ono chibwenzi chake chikuona. Imeneyi ndi yomvetsa chisoni kuposa kuopsa, ndipo inapata mphoto ya Oscar chifukwa cha luso losintha nkhope ndi thupi. Mukazolowera, bwererani m'mbuyo: Body Snatchers ya 1956 ndi ya 1978 ya Donald Sutherland, zonse ziwiri n'zabwino, Gojira, ndi Them! ya 1954 ya nyerere zikuluzikulu za m'chipululu cha New Mexico. Za m'ma 1950 zimayenda pang'onopang'ono ndipo asayansi ake amakonda kulalikira, koma mukadziwa kuti anthu a nthawiyo ankagona akuopa bomba ndi akazitape, mumamva chomwe chinkawaluma. Zitatu zoyambazo si za ana, musaziike pabalaza Lamlungu masana.

Tsopano za kugula. Pa intaneti filimu imakhalapo mwezi uno, mwezi wamawa yachotsedwa, ndipo zakale kwambiri nthawi zambiri sizipezekapo n'komwe. Netiweki ikafooka, chithunzi chimafinyidwa ndipo timabokosi tija timabweranso, makamaka mumdima. Ndiye pa mafilimu ochepa amene mudzawaonera kangapo, chimbale chenicheni n'choyenera ndalama yake, ndipo m'masitolo a zinthu zakale ku Johannesburg komweko zimapezeka zotchipa. Makampani ngati Criterion ku America ndi Arrow ku Britain amabwerera ku filimu yoyambirira ya mu kamera n'kuikonza. Arrow inachita zimenezi ndi The Thing mu 2017.

Chenjerani ndi zigawo, chifukwa chimbale chopangidwira chigawo china cha dziko lapansi chikhoza kukana m'makina anu. Pa DVD, South Africa ndi Britain zili m'chigawo 2, America m'chigawo 1, pomwe Malawi ndi Zambia zili m'chigawo 5, ngakhale makina otchipa ambiri amaseweretsa chilichonse. Pa Blu-ray n'kosavuta: Africa yonse ndi Ulaya ndi chigawo B, America ndi A, choncho chimbale cha ku London chigwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Lilongwe komwe, koma cha ku America chikhoza kukana. Zimbale za 4K zomwe zinayamba mu 2016 zilibe zigawo. Ndipo mukaona kuti DVD yanu ya Alien yalembedwa mphindi 112 pomwe kwina akuti 117, sanadule kanthu. Filimu imajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi, koma njira ya TV yotchedwa PAL yomwe timagwiritsa ntchito kuno imathamanga pa 25, ndiye zonse zimafulumira pang'ono ndipo mawu amakwera pang'ono. Blu-ray ilibe vuto limeneli pa mafilimu ambiri.

TV yanu nayo ikhoza kukuwonongerani kope labwino. Ma TV atsopano amabwera atatsegula zosalaza mayendedwe, zomwe zimapangitsa filimu kuoneka ngati sewero la pa TV la madzulo. Lowani m'masetingi muzitseke, musankhe Cinema kapena Movie. Timadontho tonga mchenga tomwe mudzaona pa chithunzi si dothi, ndi momwe filimu ya mu kamera imaonekera, musatichotse. Zimitsani magetsi, foni muisiye kuchipinda, ndipo ngati masipika a TV ndi ofooka valani mahedifoni.

Za matepi a VHS, ndingakulangizeni kuti muwasiye pokhapokha ngati mukufuna kukongoletsa shelefu ndi zikuto zake, zomwe zinalidi zokongola. Kampani yomaliza kupanga madeki oseweretsa matepiwa, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016, zipangizo zokonzera zikusowa, ndipo tepi yomwe yakhala zaka 30 m'katoni nthawi zambiri imakhala itachita nkhungu yomwe imadetsa mutu wa deki. Mukapeza ina kwa malume, ioneni pakawindo kake kaye: mukaona zoyera ngati ufa pa mpukutu wa tepi, musaiike m'makina.