Amene wabisa shuga m'chikwama si wachifwamba

Mayi wina walemba kuti mwana wake wa Fomu 3 analemba m'chimangirizo cha Chingerezi kuti "he robbed a packet of sugar from the shop", aphunzitsi n'kumuthetha. Akufunsa kuti cholakwika chili pati.

Aphunzitsiwo sanamulakwire, mayi. Pambuyo pa rob pamabwera munthu kapena malo amene aberedwa, pomwe pambuyo pa steal pamabwera chinthu chimene chabedwa. Mwanayo akanalemba kuti "he stole a packet of sugar". Akanati "he robbed the shop" galamala ikanakhala bwino, koma nkhani ikanasintha, chifukwa robbery ndi uchifwamba, kulanda moopseza kapena mwankhanza, monga ndi zikwanje kapena mfuti. Munthu wolowa m'sitolo ngati wogula, n'kubisa shuga m'chikwama, n'kutuluka osalipira, ndi shoplifter, ndipo zimene wachitazo ndi shoplifting. Ameneyu sathyola chitseko, saopseza munthu.

Kukhoti kuno kwathu shoplifting ilibe gawo lakelake. Wogwidwayo amayankha mlandu wa kuba basi, pansi pa gawo 278 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, ndipo akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 5. Koma akakhala wantchito wa m'sitolomo, mlandu umakula, umapita pa gawo 286 la kuba kwa wantchito. Kumazembetsa katundu pang'onopang'ono koteroko ndiko pilfering. Ana amene akupita kukagwira ganyu m'masitolo pa holide aziuzidwa zimenezi, poti ambiri amayesa sopo m'modzi si kanthu.

Burglary m'malamulo athu ndi kuthyola nyumba yogonamo usiku. Kuthyola sitolo kuli padera, pa gawo 311, ngakhale m'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku amangotinso burglary. Looting ndi kufunkha katundu mwachigulu pa nthawi ya chipolowe, monga zinachitikira m'masitolo a ku Lilongwe ndi Mzuzu pa zionetsero za pa 20 July 2011.

Liwu lina limene mwanayo sadzalipeza kawirikawiri m'mabuku a MSCE ndi shrinkage, koma akadzakafunsira ntchito m'sitolo yaikulu adzalimva. Ndi katundu amene m'mabuku akuoneka kuti alipo, koma powerenga sitoko sakupezeka, kaya waba ndi wogula, kaya wantchito, kaya wawonongeka kapena analembedwa molakwika. Ofunsa mafunso amafuna kumva kuti iyeyo angachitepo chiyani kuti katundu wosowayo achepe.