Mawu otsutsa bodza omwe mbiri yake ndi bodzanso

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti bambo awo anali mphunzitsi wa Chingerezi, ndipo mwana akabwera ndi chifukwa chopeka chojombera kusukulu, iwo ankangoti "Tell it to the marines." Mayiwa akufunsa kuti asilikali otchulidwawo analakwanji, komanso ngati n'zoona kuti mawuwa anayambitsa ndi mfumu ya ku England.

Mayi, tanthauzo lake ndi lakuti kanamize wina, ine si mwana. Ma marines ndi asilikali omwe ankakwera zombo zankhondo za ku Britain, ndipo gulu lawo linayamba mu 1664. Ntchito yawo inali mfuti ndi ulonda. Za zingwe, matanga ndi mphepo sankazidziwa, choncho amalinyero ankawatenga ngati mbuli zongomeza chilichonse. M'buku la John Davis lotchedwa The Post Captain, la mu 1804, mawuwa ali ndi mchira wake womwe unaduka pambuyo pake: akauze asilikaliwo, koma amalinyero sangamukhulupirire.

Za mfumuzo ndi zokoma kumva. Akuti woyendetsa chombo wina anauza Mfumu Charles II kuti anaona nsomba zouluka. Nduna zinaseka, koma msilikali wa gulu lija anaikira umboni kuti nayenso anazionapo. Mfumu akuti inagamula kuti kuyambira tsikulo nkhani iliyonse yokayikitsa azikayamba afunsa ma marines, poti ayenda ponseponse. Mwaona mmene chipongwe chasandukira ulemu? Anaipeka nkhaniyi ndi W. P. Drury, mlembi wa nthano yemwenso anali mkulu wa asilikali m'gulu lomwelo. Anaisindikiza mu 1904, n'kunamizira kuti inachokera kwa Samuel Pepys, yemwe ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku m'nthawi ya mfumuyo, ndipo patapita nthawi anavomera yekha kuti linali bodza. Munthu anangofuna kutsuka dzina la anzake. Choona chokha m'nkhani yonseyi n'chakuti nsomba zouluka zilipodi.

Matenda omwewa ali pa "cock and bull story", kutanthauza nkhambakamwa. Anthu a m'tauni ya Stony Stratford ku England amanena kuti mawuwa anabadwira kwawo, m'nyumba ziwiri za alendo zotchedwa The Cock ndi The Bull, momwe apaulendo ankapikisana kukokomeza nkhani. Nyumbazo zilipo, koma umboni palibe. Mlembi wa ku England Robert Burton analemba kale mu 1621 za anthu okonda kukamba za tambala ndi ng'ombe yamphongo uku akumwa, ndipo Afalansa ali ndi mawu awo ofanana nawo, onena za kuchoka pa tambala n'kulumphira pa bulu. Ine ndimaona kuti gwero lake ndi nthano zija za nyama zolankhula. Koma a ku Stony Stratford musawadzudzule kwambiri, alendo amabwera ndi ndalama.

Mawu akuti "hoodwink", kutanthauza kupusitsa munthu, alibe mavuto otere. M'zaka za m'ma 1500 ankatanthauza kumanga munthu nsalu kumaso, chifukwa "wink" kalelo kunali kutsinzina maso onse awiri. Ife timati kuphimba m'maso, ganizo lake ndi lomwelo.

"A pig in a poke" nawonso ndi omveka. "Poke" ndi liwu lakale la thumba, ndipo chenjezo lake ndi loti usagule kamwana ka nkhumba usanamasule thumba. Ajeremani ndi Afalansa amati kugula mphaka m'thumba. Pachifukwachi ambiri amalumikiza mawuwa ndi "let the cat out of the bag", kuulula chinsinsi, omwe amapezeka m'zolemba za mu 1760. Amati wogulitsa ankaika mphaka m'malo mwa nkhumba. Ine zimenezi ndimazikayikira. Amene anagwirapo mphaka wokwiya akudziwa kuti sangakhale phee m'thumba, ndipo kulira kwake ngakhale kulemera kwake sikungapusitse mlimi.

Tibwerere kwa asilikali aja, poti ku America mawuwa anatembenukanso. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, James Montgomery Flagg anajambula chithunzi chokopa anyamata kulowa gulu la ma marines a ku America: bambo wawerenga m'nyuzipepala za nkhanza za adani, wakwiya, akuvula jekete. Pamwamba pake analembapo "Tell that to the Marines!", kutanthauza kuti auzeni, akathana nazo. Bambo anu ankalankhula m'tanthauzo lakale lija la amalinyero, ndipo mwana wojombayo ayenera kuti ankamva bwinobwino ngakhale sanaonepo chombo.