Malikisi a Watchmen: nambala ya akatswiri ndi ya oonera sizipima chinthu chimodzi

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake akatswiri ounika makanema anaipatsa Watchmen, kanema wa magawomagawo wa kampani ya TV ya HBO, malikisi opitirira 90 peresenti pa Rotten Tomatoes, webusaiti yosonkhanitsa ndemanga za makanema, pomwe oonera wamba anaigwetsa pansi, komanso kuti mukhulupirire ati musanathere bandulo yanu. Nambala ziwirizo musaziike pa sikelo imodzi, chifukwa kapangidwe kake n'kosiyana.

Ya akatswiri siinena kuti kanemayo ndi wokoma motani. Imangowerenga kuti mwa ounika ovomerezeka, ndi angati anati ndi wabwino. Onse atati "ndi wabwinoko" nambalayo ifika 100 peresenti, ngakhale palibe ndi mmodzi yemwe amene wagoma naye. Komanso pa makanema a magawomagawo, ounikawa nthawi zambiri amapatsidwa magawo oyambirira okha, n'kulemba asanaone mathero. Ya oonera imachokera kwa aliyense amene ali ndi akaunti, ndipo voti imawerengedwa yabwino ikafika nyenyezi zitatu ndi theka mwa zisanu. Mu 2019, anthu atanyoza filimu ya Captain Marvel isanatuluke n'komwe, Rotten Tomatoes inatseka ndemanga za filimu yosatuluka, kenako inayamba kutsimikiza ovota kudzera pa tikiti yogulidwa pa Fandango, webusaiti yogulitsa matikiti a makanema. Koma kanema wa pa TV alibe tikiti. Munthu atha kuvota asanaonere ngakhale mphindi imodzi, ndipo gulu likapangana kuthira nyenyezi imodziimodzi, chimene amachitcha review bombing, nambalayo imagwa tsiku lomwelo.

Watchmen inayamba kuonetsedwa pa 20 Okutobala 2019, ili ndi magawo 9, ndipo woitsogolera anali Damon Lindelof. Imatsegula ndi zimene zinachitikadi ku Tulsa, m'boma la Oklahoma, pa 31 Meyi ndi 1 Juni 1921, pamene chigulu cha azungu chinaotcha Greenwood, dera la anthu akuda ochita bwino pa malonda, n'kupha anthu ambiri. Oonera ochuluka a ku America komweko anavomera kuti nkhaniyi anaimva koyamba usiku umenewo, poti kusukulu sanaiphunzire. Mwini nkhani ndi Angela Abar, wapolisi wachikuda wovala chigoba, yemwe anaseweredwa ndi Regina King, ndipo adani ake ndi gulu la azungu atsankho lotchedwa Seventh Kavalry, lovala zigoba za Rorschach, mmodzi wa anthu a m'buku la zithunzi la Watchmen limene kanemayu akupitiriza nkhani yake.

Pa zigobazo m'pamene panabuka mkwiyo. Ambiri amene anakula akumutenga Rorschach ngati ngwazi anati kanemayo waipitsa dzina lake ndipo walowetsa ndale m'nkhani yosangalatsa chabe. Dandaulo limeneli n'losalimba. Buku la zithunzi la Alan Moore ndi Dave Gibbons, la 1986 mpaka 1987, ndi ndale zokhazokha: Nixon akadali pulezidenti wa America, mantha a nkhondo ya nyukiliya ali ponseponse, ndipo Rorschach mwiniwake amakonda nyuzipepala ya maganizo a tsankho yotchedwa New Frontiersman, kumene anatumizanso buku lake la zolemba asanafe. Olemba kanemayo anangofunsa kuti anthu owerenga nyuzipepala yotere akanachita nalo chiyani bukulo patapita zaka zoposa 30. Mavoti ambiri oipa anagwa gawo loyamba litangotuluka, nkhani isanapite patali. Chaka chotsatira kanemayo anapata mphoto 11 za Emmy, mphoto zazikulu za makanema a pa TV ku America.

Kusiyanaku kumathanso kutembenuka. Iron Fist ya Netflix, ya 2017, akatswiri anaikana kwambiri, ena mwa iwo podandaula kuti ndi nkhani yakale ija ya mzungu wopita ku Asia n'kukaposa eni ake pa luso lawo lomenyera, koma oonera anaipatsa malikisi okwera ndithu.

Komabe si aliyense wodandaula amene ali ndi tsankho, ndipo ichi ndi chimene nambala zimabisa kwambiri. Kudzudzula kwakuthwa kunachokera kwa anthu amene ankafuna kuti nkhani ya khungu ikambidwe mozama kuposa apa. Onani The Falcon and the Winter Soldier ya 2021, ya magawo 6. Sam Wilson, ngwazi yachikuda imene Captain America anaisiyira chishango chake, ngakhale anapulumutsa dziko, akukanidwa ngongole kubanki. Apolisi akumuimitsa mumsewu ku Baltimore asanamuzindikire. Kenako pali Isaiah Bradley, woseweredwa ndi Carl Lumbly, msilikali wachikuda amene boma linamuyesera mankhwala opatsa mphamvu n'kumutsekera zaka 30. Nkhani yakeyi ikukumbutsa kafukufuku weniweni wa Tuskegee, wa 1932 mpaka 1972, momwe amuna achikuda odwala chindoko anasiyidwa osapatsidwa mankhwala kuti madokotala aone mmene matendawo amayendera. Mbali imeneyi akatswiri ambiri anaiyamikira. Chimene anakana ndi mathero: bala lalikulu chonchi kulipoletsa ndi chiboliboli cha m'nyumba yosungiramo mbiri ndi mawu ataliatali a Sam kwa andale. Ine ndikugwirizana nawo. Kanemayo anafunsa funso lolemera, loti munthu wakuda anganyamule bwanji chishango cha dziko limene linachita zimenezi, koma analiyankha mothamanga.

Luke Cage ya 2016 nayo inatamandidwa chifukwa cha chithunzi cha mwamuna wakuda wovala juzi ya chipewa amene zipolopolo sizimulowa, patangopita zaka zinayi Trayvon Martin, mnyamata wachikuda wa ku America, ataomberedwa atavala juzi yotereyo. Koma anthu omwewo anadandaula kuti nkhani inafooka Cottonmouth, mdani wa Luke Cage woseweredwa ndi Mahershala Ali, atafa pakati pa magawo 13. Ilo ndi dandaulo la kalembedwe, si la khungu. Watchmen yomwe inadzudzulidwa ndi mlembi Viet Thanh Nguyen, amene anati inamvetsa ululu wa anthu akuda a ku America koma Vietnam, kumene mbali ina ya nkhaniyo imachitikira, inangoigwiritsa ntchito ngati chokometsera nkhani.

Pofuna kudziwa ngati nambala yotsika ndi yoona, lowani pa IMDb, webusaiti ina yovotera makanema, dinani pa malikisiwo kuti muone mmene mavoti agawikira kuyambira 1 mpaka 10. Kanema woipadi mavoti ake amaunjikana chapakati, pa 4, 5 kapena 6. Mukaona mulu waukulu pa 1, wina pa 10, pakati pali pochepa, dziwani kuti magulu awiri akulimbana ndipo nambala yapakatiyo sikuuzani kanthu. Zinatero ndi Ms. Marvel mu Juni 2022, nkhani ya mtsikana wachisilamu wa ku Jersey City wa makolo ochokera ku Pakistan, imene inafika mpaka pa kugawidwa kwa India ndi Pakistan mu 1947. Mukatero onani masiku a ndemanga: zambiri zikakhala za tsiku loyamba, olembawo sanauone kanema yense. Werengani za malikisi apakati, poti kumeneko n'kumene kuli anthu otchula gawo, munthu ndi chochitika chenicheni. Ndemanga yongoti "ndale" kapena "woke" (mawu onyozera kanema wokamba za tsankho) popanda kutchula chochitika chilichonse ilumpheni. Samalaninso ndi zifukwa zina zobisika: sizoni yachiwiri ya The Boys, mu 2020, inalandira nyenyezi imodziimodzi zambiri chifukwa Amazon inkatulutsa gawo limodzi pa sabata m'malo motulutsa onse pamodzi.

Watchmen yo ionereni, koma dziwani kuti magawo oyambirira amasokoneza ngati simukulidziwa buku la 1986, makamaka mbali za bambo wokalamba woseweredwa ndi Jeremy Irons. Musanayambe, werengani pang'ono za Tulsa 1921. Pirirani mpaka gawo 6, limene mbali yaikulu anaijambula mopanda mitundu, chifukwa m'menemo ndi momwe zigoba, apolisi ndi Tulsa zimalumikizana. Cord Jefferson ndi Lindelof analandira Emmy ya kalembedwe chifukwa cha gawo limeneli. Muli magazi, mawu otukwana ndi anthu osavala, choncho si woonera ana ali pabalaza.