Kodi Chipangizo Chimenechi Chimaona Kapena Chimapapasa?

Mphunzitsi wina wa sayansi wa ku Area 25 muno mu Lilongwe watilembera kuti akufuna kufotokozera ophunzira ake m'Chichewa za chipangizo chotchedwa atomic force microscope, chimene akatswiri amapimira maselo ndi mapuloteni. Akufunsa ngati kuli koyenera kuchitcha "makina oonera mphamvu za maatomu", ndiponso mmene angatchulire ziwalo zake.

Aphunzitsi, dzina limenelo musalitenge, chifukwa mneni wakuti "kuona" asokeretsa ana. Maikulosikopu imene amapimira magazi kuchipatala imadalira kuwala, ndipo singathe kusiyanitsa tinthu tiwiri ngati mpata wa pakati pake ndi wochepera pafupifupi mananomita 200, pamene nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita. Chipangizo chimene Gerd Binnig, Calvin Quate ndi Christoph Gerber anapanga mu 1986 sichiyang'ana chinthu ayi. Chili ndi kansonga kakuthwa kamene kamayenda pamwamba pa chinthucho mzere ndi mzere, ndipo kompyuta imajambula zitunda ndi zigwa zimene kansongako kadutsamo. Mneni woyenera ndi "kupapasa", monga amachitira munthu wofunafuna machesi pathebulo magetsi atazima. "Kukhudza" n'kochepa, chifukwa munthu amakhudza kamodzi n'kusiya, pamene wopapasa amayendetsa zala kuti adziwe maonekedwe a chinthu.

Dzina lachidule la chipangizochi, lakuti AFM, lisiyeni momwemo, popeza ndi limene ophunzira adzakumane nalo m'mabuku, koma pofotokoza nenani "maikulosikopu yopapasa". Ndanena "yopapasa" osati "opapasa", chifukwa "ma-" wa m'mawu amenewa si wa zambiri ngati wa m'mawu akuti "makasu".

Kansonga kaja kamakhala kumapeto kwa kachiwalo kotchedwa cantilever, kamene kamagwidwa mbali imodzi yokha. Ena angakatche "kathabwa", koma ine sindikhutira nawo, pakuti thabwa timalidziwa ndi kuuma, pamene ntchito yonse ya kachiwaloka ndi kupindika. Fanizo labwino ndi mtengo wa msampha, wozikidwa pansi kutsinde, umene umawerama ukakokedwa n'kubwereranso. Kuwala kwa leza kumawomba pamsana pa kamtengoka n'kunjanja kupita pa kachipangizo kolandira kuwala, motero kuwerama kosaoneka ndi maso kumayezeka. Opanga AFM yopimira zamoyo amafuna kamtengo kofewa, kakang'ono, kotha kugwira ntchito m'madzi, chifukwa selo likauma limafa, ndipo kansonga kakalikanikiza kwambiri kamalinyenya. N'chifukwa chake pali njira imene kansonga kamangotsika ndi kukwera mofulumira m'malo mokwekwereza. Imeneyi itcheni "kugogoda". Mawu akuti "kujompha" ndi okopa, koma nkhuku ikajompha imachotsapo kanthu, zimene opanga chipangizochi akuzipewa.

Pa mawu akuti "mphamvu" chenjerani, chifukwa m'Chichewa amanyamula katundu wambiri: mphamvu ya magetsi, ya mankhwala, ngakhale ya mfumu. Chimene AFM imayeza ndi kukokana ndi kukankhana kwa kansonga ndi chinthu chopimidwa, choncho nenani "mphamvu yokoka" kapena "mphamvu yokankha". Muyeso wake pa molekyu imodzi (kagulu ka maatomu olumikizana) ndi piconewton, ndipo mawu amenewo musavutike kuwamasulira.

Mneni amene wandisangalatsa kwambiri ndi wa kukoka puloteni imodzi yokha. Mu 1997 Matthias Rief, Hermann Gaub ndi anzawo ku Munich, m'dziko la Germany, anagwira puloteni ya m'minofu yotchedwa titin pakati pa kansonga ndi pansi n'kuikoka, ndipo zigawo zake zopindika zinatseguka chimodzi pambuyo pa chinzake, mzere wa pakompyuta n'kuoneka ngati mano a sowo. Pamenepa musanene kuti puloteni "inaduka", pakuti chingwe chake chinali chamtunthu ndithu, ndipo atachilekerera chinapindikanso. "Kumasuka" kungapatse mwana chithunzi cha mbuzi yochoka pachingwe. Chichewa chili kale ndi "kufunya" ndi mnzake wobweza, "kufunyulula", amene timanena za mkeka kapena mpukutu. Uzani ophunzira kuti kansonga kanafunyulula puloteniyo chigawo ndi chigawo, ndipo kataisiya inadzifunyanso yokha.