Makina apansi pa nthaka otalika makilomita 91: ndi a chiyaninso?

Aphunzitsi ena a ku sekondale anditumizira imelo sabata yatha. Akuti: "Higgs boson anaipeza kale mu 2012, nanga a ku CERN akufuniranji makina ena aakulu? Kumeneku si kumwaza ndalama?"

Zikomo aphunzitsi. Funso lanuli ngakhale asayansi eni ake akukangana nalo. CERN ndi bungwe la ku Ulaya lofufuza tinthu ting'onoting'ono kwambiri ta m'chilengedwe, ndipo Higgs boson ndi kamodzi mwa tinthu timeneti.

Makina omwe alipo pano, otchedwa LHC (Large Hadron Collider), ali m'ngalande yozungulira yotalika makilomita 27, pansi pa malire a France ndi Switzerland, kufupi ndi Geneva. Amathamangitsa ma proton, tinthu ta pakati pa atomu, n'kuwawombanitsa. Omwe akufuna kumangawo, otchedwa FCC (Future Circular Collider), ngalande yake idzatalika makilomita pafupifupi 91, kuposa ulendo wochoka ku Blantyre kukafika ku Zomba. Gawo loyamba lokha lidzadya ndalama za ku Switzerland pafupifupi mafranki 15 biliyoni, ndipo mayiko a m'bungweli akuyembekezeka kugamula cha mu 2028.

Povuta ndi apa. Pomanga LHC, alenjewo ankaidziwa nyama yomwe ankasaka, Higgs boson, poti Peter Higgs ndi anzake anali atailosera mu 1964. Ulendo uno palibe angalonjeze kanthu. Dark matter, zinthu zosaoneka za m'chilengedwe, yomwe imachuluka kasanu kuposa zinthu zonse zooneka, LHC sinaigwire mpaka lero. Ndiye gawo loyamba lidzawombanitsa ma electron ndi ma positron (tinthu topepuka kwambiri kuposa ma proton), kupanga ma Higgs ambirimbiri n'kuwayeza mosamalitsa, mwina penapake papezeka mng'alu pa chiphunzitso cha Standard Model, chomwe chimafotokoza tinthu ting'onoting'onoti ndi mmene timagwirira ntchito. Ma proton adzalowamo cha m'ma 2070. Ambiri amene akujambula mapulaniwa lero adzakhala atatsikira kuli chete.

Ine ndili mbali ya omanga, ndipo chondikopa ndi ngalandeyo. Ya LHC ija sanakumbire LHC ayi. Anakumbira makina akale otchedwa LEP, omwe anagwira ntchito kuyambira 1989 mpaka 2000, kenaka anawazula n'kuikamo atsopanowa, amene akuyembekezeka kugwira mpaka cha mu 2041. Dzenje limodzi, zaka zoposa 50.

Koma aphunzitsi, mukamakambirana ndi ana m'kalasi musaiwale za ku Texas, ku America. Kumeneko anayamba kumanga makina ngati omwewa, otchedwa SSC, nakumba makilomita oposa 20, ndalama zokwana madola pafupifupi 2 biliyoni zitalowa. Mu 1993 aphungu a Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, anati basi, ndalama zachuluka. M'ngalandemo simunathamangepo proton ndi imodzi yomwe.